Basi yamagetsi ya ana asukulu imayambira pa thiransifoma

Pali cholakwa chimodzi chomwe chimangobwerezeka pa nkhani ya mabasi amagetsi onyamula ana asukulu. Oyang'anira masukulu apeza ndalama, aitanitsa mabasi khumi, mabasi afika akunyezimira, atolankhani ajambula zithunzi. Kenako mabasi aja akhala pabwalo miyezi ndi miyezi osanyamula mwana ndi mmodzi yemwe, chifukwa thiransifoma yoti ipereke magetsi ku matchaja sinafike. Akuluakulu amati mbereko sagula mwana asanabadwe, koma pa nkhani iyi mbereko ndiyo iyenera kuyamba. Basi yokhayo ndi gawo losavuta. Chovuta chili pansi pa nthaka ya pa depoti, m'mawaya a kampani ya magetsi, komanso m'chiwerengero cha makilomita amene basi iliyonse imayenda patsiku lozizira kwambiri m'chaka.

Chifukwa chosinthira mabasiwa sichifuna mtsutso wautali. M'chaka cha 2012 bungwe la International Agency for Research on Cancer, lomwe lili pansi pa World Health Organization, linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa. Mwana amapuma mofulumira kuposa munthu wamkulu, mapapo ake akadali kukula, ndipo mphuno yake ili pafupi ndi paipi yotulutsa utsi. Basi yakale ikaima pa geti la sukulu injini ikulira, utsi wake umalowa m'basi momwemo komanso m'basi imene yaima kumbuyo kwake. Ana odwala mphumu ndiwo amayamba kumva. Ku United States, kumene kuli mabasi asukulu pafupifupi 480,000, lamulo la zomangamanga la mu 2021 linapatula madola 5 biliyoni kuti agwiritsidwe ntchito pa zaka zisanu kugulira mabasi osawononga mpweya, ndipo ndalamazo anaziika m'manja mwa Environmental Protection Agency, bungwe la boma loona za chilengedwe. Mu 2022 boma la chigawo cha New York linaika chaka cha 2035 kuti pofika nthawiyo mabasi onse asukulu akhale osatulutsa utsi. Zambiri zimene zikudziwika lero pa ubwino ndi mavuto a mabasiwa zachokera kumeneko ndi ku Canada.

Ntchito ya basi yasukulu imagwirizana bwino ndi batire. Njira yake ndi imodzimodzi tsiku ndi tsiku, imaimaima pafupipafupi, siyenda liwiro lalikulu, imapuma masana onse, ndipo usiku imagona pamalo amodzi. Injini ya dizilo imadana ndi moyo wotere. Mabasi adizilo amakono ali ndi fyuluta yogwira mwaye mu paipi ya utsi, ndipo fyulutayo imadziyeretsa yokha pokhapokha utsi utatentha kwambiri kwa nthawi ndithu. Basi yomwe imangoyenda mamita 300 n'kuima sifika pa kutentha kumeneko, choncho fyuluta imatsekeka, nyali ya chenjezo imayaka, basi n'kukathera ku galaja. Mota yamagetsi ilibe vuto limeneli, ndipo kuimaima kumaipindulira chifukwa pochepetsa liwiro imabwezera magetsi ena m'batire.

Tsono poyambira ndi pa njira. Musanayang'ane kabuku ka wogulitsa, tengani njira iliyonse payokha n'kulemba makilomita ake enieni, kuphatikizapo ulendo wochoka pa depoti kukafika kwa mwana woyamba ndi wobwerera basi ili yopanda anthu. Ambiri amaiwala zidutswa ziwirizi, chonsecho pa njira zina zimakwana limodzi mwa magawo anayi a ulendo wonse. Lembaninso mapiri, nthawi imene basi imaima chitseko chili chotsegula, nthawi yobwerera pa depoti m'mawa ndi nthawi yonyamukanso masana. Ngati mabasi ali ndi GPS, tengani zimene inalemba chaka chathunthu. Mapu a mu ofesi amanena njira imene inakonzedwa, GPS imanena njira imene dalaivala amadutsadi.

Magetsi a m'batire amawerengedwa mu kWh, yomwe ndi yuniti ija imawerengedwa pa mita ya m'nyumba. Basi yasukulu yaikulu imadya pakati pa yuniti 1 ndi 1.3 pa kilomita nyengo ikakhala yabwino. Mabatire amene amaikidwa m'mabasi oterewa amayambira cha m'ma 150 kWh kukafika kupitirira 220. Basi ya kampani ya Blue Bird inayamba kutchuka ndi batire la 155 kWh, pamene basi yotchedwa Jouley ya kampani ya Thomas Built Buses inali ndi loposa 220 kWh. Tiyerekeze njira ya makilomita 50 m'mawa ndi 50 masana. Pa yuniti 1.2 pa kilomita, tsiku limafuna mayuniti 120. Poona msanga, batire la 155 likukwana, n'kutsalako. Koma batire silipereka zonse zimene zalembedwa pa pepala, chifukwa kompyuta yake imasunga kachigawo pamwamba ndi pansi pofuna kuliteteza. Limachepanso mphamvu chaka ndi chaka, moti pakatha zaka 8 lingakhale litatsala ndi 70 kapena 80 peresenti ya mphamvu yake yoyamba. Ndiye palinso dalaivala, amene sayenera kufika pa depoti nyali yofiira ikuphethira. Muyenera kumusiyira 15 kapena 20 peresenti ya pangozi, ya tsiku limene msewu watsekedwa kapena basi inzake yafa n'kumupempha kuti akatenge ana ake. Mukachotsa zonsezi, batire la 155 lija latsala ndi mayuniti osafika 110 odalirika m'zaka zake zomaliza. Njira ya 120 ija yakanika kale, chisanu chisanalowe n'komwe m'masamu.

Chisanu ndiye mdani weniweni. Basi ya dizilo imafunditsa ana ndi kutentha kumene injini imataya kwaulere. Yamagetsi ilibe kutentha kotayako, ndiye hita imakoka magetsi m'batire lomwelo loyendetsa matayala. Basi yasukulu ndi bokosi lalikulu lachitsulo, la mawindo ambiri opyapyala, ndipo chitseko chake chimatseguka ka 30 kapena ka 40 pa ulendo umodzi. Nthawi iliyonse chikatseguka mpweya wofunda umatuluka. Kumadera kumene madzi amaundana, mtunda umene basi ingayende umatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, nthawi zina kuposa apo. Mayuniti 120 aja amasanduka pafupifupi 180. Kumadera otentha choziziritsa mpweya chimadyanso, ngakhale sichifika pa hita.

Pali njira zitatu zothanirana nazo, ndipo sizofanana kulemera. Yoyamba ndi yotchipa kwambiri: kufunditsa basi ikadali yolumikizidwa ku tchaja. Mphindi 30 mpaka 45 isananyamuke, hita iyatsidwe kuti ifunditse m'kati ndi batire lomwe pogwiritsa ntchito magetsi a pa khoma. Basi imanyamuka ili yofunda, batire lili lodzaza, ndipo hita imangotsala ndi ntchito yosunga kutentha kumene kulipo kale. Yachiwiri ndi kutchaja masana. Basi ikabwerera 9 koloko n'kudzanyamukanso cha m'ma 2 koloko, maola anayi pa tchaja wamba amabwezera mayuniti oposa 60, ndipo apa njira yathu ija yatheka ndi batire laling'ono lomwelo. Yachitatu ndi hita yoyendera dizilo, yomwe mabasi ambiri a kumadera ozizira kwambiri amaikidwa. Ena amanyansidwa nayo, amati basi yamagetsi yokhala ndi thanki ya dizilo ndi chinyengo. Kunena zoona hitayo imamwa malita ochepa kwambiri poyerekeza ndi injini, ndipo imayaka miyezi ingapo yokha. Komabe yang'anani kaye malamulo a amene akukupatsani ndalama, chifukwa ena salola.

Mukadziwa mayuniti a njira iliyonse, mudzaona kuti njira zambiri zikukwana, zochepa zikukana. Zokanazo zisiyeni. Palibe chifukwa choyambira pa njira yaitali kwambiri, kapena pa basi imene imatenga timu ya mpira kupita nayo makilomita 200 Loweruka. Mabasi adizilo atsopanoko atsale pa maulendo amenewo mpaka mabatire akule kapena matchaja a m'njira achuluke.

Tifike pa depoti, pamene pagona nkhani. Matchaja alipo a mitundu iwiri. Wamba ndi wa AC, umene ku North America umafika makilowati 19.2 ukakoka ma ampeya 80 pa mavolti 240 (kilowati imodzi ikakokedwa kwa ola limodzi ndiye yuniti imodzi). Ndi kabokosi kakang'ono, kotchipa, kosavuta kukonza, ndipo pa maola 11 a usiku kamapereka mayuniti pafupifupi 190 mutachotsa 10 peresenti imene imatayika ngati kutentha. Mtundu wina ndi wa DC, umene pa mabasi asukulu umakhala pakati pa makilowati 24 ndi 60 kapena kuposerapo, ndipo mtengo wake ndi kangapo kuposa wa AC. Si basi iliyonse imalandira mitundu yonse iwiri. Zina zimalandira DC yokha, ndiye funsani musanagule chilichonse. Kampani yogulitsa matchaja idzakukopani ndi othamanga, koma basi imene imagona maola 11 ilibe changu. Nthawi zambiri n'zokwanira kuti basi iliyonse ikhale ndi tchaja yake yapang'onopang'ono, kenako pakhale imodzi kapena ziwiri zothamanga zodikira tsiku la mavuto.

Masamu a depoti yonse ali motere. Mabasi 20, iliyonse pa tchaja ya makilowati 19.2, akayamba kutchaja nthawi imodzi amakoka makilowati 384. Akakhala pa matchaja a makilowati 60, amakoka 1,200, zomwe ndi mphamvu ya fakitale ndithu. Depoti ya mabasi adizilo inamangidwa ndi magetsi oyatsira mababu, kompresa imodzi ndi ketulo ya mu ofesi. Kuti ilandire katundu wotere pamafunika thiransifoma yatsopano, bokosi lalikulu la maswichi, mita ina, ndipo nthawi zina kampani ya magetsi iyenera kusintha mawaya a mu msewu. M'zaka zaposachedwapa mathiransifoma akhala akusowa, moti kudikira chaka kapena kupitirira si zachilendo. N'chifukwa chake kalata yoyamba pa ntchito yonseyi iyenera kupita ku kampani ya magetsi, osati kwa wogulitsa mabasi. Afunseni mafunso atatu: pa malo amenewa pangafike makilowati angati popanda kusintha kanthu, kuwonjezerapo kungatenge miyezi ingati, ndipo adzalipira ndani mbali iti.

Koma onaninso masamu aja. Mabasi 20 odya mayuniti 120 iliyonse amafuna mayuniti 2,400 patsiku, tinene 2,640 ndi zotayika zomwe. Mukawagawa pa maola 11, zimangofuna makilowati 240. Kusiyana kwa 240 ndi 384 kungakhale kusiyana kwa thiransifoma imene ilipo kale ndi imene muyenera kudikira chaka. Chimene chimachita kugawaku ndi pulogalamu ya pa kompyuta yoyang'anira matchaja. Mumaiuza malire, kuti depoti yonse isapitirire makilowati akutiakuti, n'kuiuzanso nthawi yonyamukira basi iliyonse, ndipo iyo imagawa magetsi moyamba ndi basi yonyamuka msanga kapena yotsika kwambiri. Pulogalamuyi imatetezanso thumba. Makampani ambiri a magetsi salipiritsa mabizinesi mayuniti okha, amalipiritsanso potengera mphindi 15 zimene munakoka mphamvu yochuluka kwambiri m'mwezi wonse. Madzulo amodzi okha, madalaivala onse atabwerera 4 koloko n'kulumikiza mabasi nthawi imodzi, akhoza kukweza bilu ya mwezi wathunthu. Ndi nthawi yomweyonso imene magetsi amadula kwambiri kumene mitengo imasintha ndi maola. Basi ilumikizidwe 4 koloko, inde, koma kutchaja kuyambe usiku. Pogula matchaja onetsetsani kuti amamva OCPP, chiyankhulo chimene matchaja ndi mapulogalamu a makampani osiyanasiyana amamvana nacho, kuti mukadzakangana ndi kampani ya pulogalamu musadzazule matchaja onse.

Zinthu zing'onozing'ono za pabwalo ndi zimene zimapweteka pambuyo pake. Pobayira tchaja pa basi sipakhala pamalo amodzi: mabasi ena pali kutsogolo pafupi ndi chitseko, ena kumbuyo. Chingwe cha tchaja nthawi zambiri sichipitirira mamita 7 ndi theka. Mukamanga matchaja ku mpanda poganiza kuti mabasi adzaima chamutu, kenako n'kufika mabasi obayira kumbuyo, madalaivala adzayamba kuimika chobwerera m'mbuyo mumdima, ndipo tsiku lina wina adzagunda tchaja. Zikani zipilala zachitsulo kutsogolo kwa tchaja iliyonse. Chingwe chikhale ndi pokoleka, chisamagone pansi pomwe matayala amaponda ndi pomwe madzi amadikha. Ndipo pokumba ngalande ya mawaya, kumbani kamodzi. Ngakhale mukuyamba ndi mabasi asanu, yalani mapaipi opanda kanthu okwanira mabasi onse amene mudzakhale nawo, chifukwa kuswa konkire kachiwiri kumadula kuposa mapaipi apulasitiki.

Tsopano taonani m'mawa wina, 5 koloko. Woyang'anira depoti akuyenda ndi tochi, afika pa basi nambala 14, chingwe chili chobayidwa bwinobwino, koma batire likuonetsa 31 peresenti monga linalili dzulo madzulo. Zifukwa zake zimakhala zochepa ndipo zimabwerezeka. Mwina pulagi sinalowe mpaka kumveka kuti "khe", ndiye loko wake sanagwire. Mwina magetsi anaphethira pakati pa usiku, tchaja n'kuzima osayambiranso yokha. Mwina tchaja inataya netiweki ndipo inakhala ikudikira chilolezo kuchokera ku pulogalamu. Mwinanso basi inalandira pulogalamu yatsopano sabata yatha ndipo sikumvananso ndi tchaja ya kampani ina. Mankhwala ake si aukatswiri. Dalaivala asachoke pa basi asanaone nyali yosonyeza kuti basi ndi tchaja zamvana. Pulogalamu itumize uthenga pa foni ya munthu wina tchaja ikaima, ndipo munthuyo akhale wodziwika ndi dzina, wolipidwa chifukwa chodzuka. Matchaja akonzedwe kuti netiweki ikasowa azitchajabe. Ndipo musanasaine kontirakiti, basi ya mtundu umene mukugula iyesedwe pa tchaja ya mtundu umene mukugula, pamaso panu. Mawu akuti "zimagwirizana" a m'kabuku asakukwanireni.

Chodabwitsa china n'chakuti chimene chimagwetsa basi yamagetsi kawirikawiri si batire lalikulu lija, koma kabatire wamba ka mavolti 12. Ndiko kamadzutsa makompyuta ndi kutseka maswichi olumikiza batire lalikulu ku mota. Kakafa, basi siliza, ndipo nthawi zambiri silandiranso tchaja, ngakhale batire lalikulu lili lodzaza. Makamera, GPS ndi wailesi zimakayamwa pang'onopang'ono basi ikangokhala. Pa holide yaitali zimitsani swichi yaikulu ya mavolti 12, kapena muziyatsa basi sabata iliyonse monga wopanga ananenera. Batire lalikulu nalo silikonda kukhala miyezi iwiri lili lodzaza mpaka pakamwa padzuwa. Opanga ambiri amati lisungidwe cha pakatikati.

Madalaivala amazolowera msanga, ambiri safunanso kubwerera ku dizilo, koma phazi liyenera kuphunzira. Ukachotsa phazi pa moto, mota imasanduka jenereta, basi imachepetsa liwiro yokha ndipo magetsi amabwerera m'batire. Dalaivala woona patali, wosiya moto msanga asanafike poima, amatha kusunga mayuniti ochuluka kuposa mnzake wothamanga n'kuponda buleki mwamphamvu pa njira imodzimodziyo. Pali msampha umodzi woyenera kuudziwa. Batire likadzaza 100 peresenti lilibe poika magetsi obwerera, ndiye kuchepetsa liwiro kwa mota kumazimiririka. Ngati depoti ili pamwamba pa phiri ndipo ulendo umayamba ndi chitsikiro, dalaivala adzadzidzimuka kuona basi ikutsetsereka mosiyana ndi masiku onse. Pa depoti yotere tchajani kulekeza 90 peresenti. Basi yamagetsi ilinso chete, moti dalaivala amamva zimene ana akuchita kumbuyo, koma mwana amene ali panja saimva ikubwera. Zambiri zili ndi kachipangizo kolira basi ikamayenda pang'onopang'ono. Kasazimitsidwe ngakhale anthu oyandikana ndi depoti adandaule.

Ku galaja ntchito imachepa koma sikutha. Kulibe kusintha oyilo wa injini, fyuluta ya mafuta, kapena madzi aja othira mu paipi ya utsi. Mabuleki amakhalitsa, mpaka nthawi zina amachita dzimbiri chifukwa chosagwiritsidwa ntchito, ndiye ayenera kuyenderedwabe. Madzi oziziritsa batire ndi mota alipo, kompresa ya mabuleki a mpweya ilipo koma yoyendera magetsi, chimodzimodzi pampu ya chiwongolero. Matayala amatha msangako chifukwa basi ndi yolemera ndipo mota imakoka mwamphamvu ponyamuka. Mawaya a mtundu wa olenji amanyamula mavolti 600 kapena kuposa, okwanira kupha munthu nthawi yomweyo. Makaniko wokhudza mbali imeneyo ayenera kuphunzitsidwa ndi wopanga basi, avale magolovesi oyesedwa kufika mavolti 1,000, azule cholumikizira chachikulu n'kuchitsekera ndi loko wake, adikire mphindi zimene bukhu lanena, kenako ayeze ndi mita kuti atsimikize kuti mulibe moto. Wokoka basi yowonongeka adziwe kuti matayala akumbuyo akamazungulira mota imapanga magetsi, choncho shafiti imasulidwe kaye. Ozimitsa moto a m'deralo aitanidwe kudzaona basi isanayambe ntchito, aone pali mabatire ndi podula magetsi. Moto wa batire suchitika kawirikawiri, koma ukachitika umafuna madzi ambiri ndipo umatha kuyambiranso patapita maola. Basi imene yachita ngozi iimikidwe payokha, mamita 15 kutali ndi nyumba ndi mabasi ena.

Za ndalama tisanamizane. Ku United States basi yamagetsi yakhala ikugulidwa pa madola 350,000 kapena kuposa, pafupifupi katatu mtengo wa ya dizilo, tchaja ndi zokumba zisanawerengedwe. Wogulitsa adzanena kuti ndalama zidzabwerera kudzera m'mafuta, koma basi yasukulu siyenda kwambiri. Imagwira ntchito masiku pafupifupi 180 pachaka, makilomita osafika 20,000. Pa malita 35 pa makilomita 100, ndiwo malita ngati 7,000 a dizilo pachaka, pamene yamagetsi ingadye mayuniti ngati 26,000. Ikani mitengo ya kwanuko pa manambala awiriwa, muwonjezere zopulumutsa ku galaja, muchulukitse ndi zaka 12 kapena 15 za moyo wa basi. Nthawi zambiri zotsatira zake sizitseka mpata wa mtengo wogulira. Basi ya mumzinda yoyenda tsiku lonse imabweza msanga, n'chifukwa chake mzinda wa Shenzhen ku China unatha kusintha mabasi ake onse oposa 16,000 pofika kumapeto kwa 2017, ngakhale nakonso boma linathirapo ndalama zambiri. Ya sukulu imadalira thandizo la boma, ndipo chimene chikugulidwa kwenikweni ndi mpweya umene ana amapuma. Ndi bwino kunena zimenezi poyera pamaso pa makolo ndi okhoma misonkho kusiyana n'kulonjeza phindu limene silidzaoneka.

Pofuna kupewa mtengo waukulu woyambira, madera ena amachita lendi zonse pamodzi. Masukulu a Montgomery County ku Maryland anasaina mu 2021 mgwirizano wa mabasi 326 ndi kampani ya Highland Electric Fleets, woti kampaniyo igule mabasi, imange matchaja, ilipire magetsi, masukulu azingopereka ndalama yokhazikika pachaka. Njira imeneyi imachotsa mtolo wina, koma zonse zimagona pa mawu a mu kontirakiti: basi ikachedwa kufika kapena ikakhala ku galaja masabata atatu, ndani akupereka ina, ndipo chilango chake n'chotani. Funso lomweli lifunsidwe pa waranti ya batire, imene kawirikawiri imakhala ya zaka 8 pamene basi ikuyembekezeka kukhala zaka zoposa 12. Werengani kuti batire liyenera kutsika kufika pa peresenti iti kuti alisinthe, ndiponso ngati pali malire a mayuniti odutsa m'batiremo. Yang'ananinso thanzi la kampaniyo. Proterra, imene inkapanga mabatire a mabasi a Thomas Built, inagwa mu 2023, ndipo Lion Electric ya ku Quebec inapempha chitetezo cha khoti kwa angongole ake kumapeto kwa 2024. Waranti ya kampani imene yatseka ndi pepala chabe, ndipo zipangizo zosinthira zimasowa.

Pali nkhani ina imene imakometsedwa kwambiri m'misonkhano, yoti basi izigulitsa magetsi kubwerera ku kampani. Nzeru yake ndi yomveka: m'miyezi yotentha masukulu ali pa holide, mabasi angokhala, pamene magetsi akufunika kwambiri madzulo. Ku Beverly, m'boma la Massachusetts, basi imodzi inachita zimenezi m'chilimwe cha 2021, ndipo ku Oakland, California, mabasi 74 a kampani ya Zum anayamba ntchito mu 2024 ali ndi matchaja otha kubweza magetsi. Zimatheka ndithu. Koma zimafuna tchaja ya DC yodula kwambiri, chilolezo chapadera cha kampani ya magetsi, mtengo wogulira wolembedwa, ndi waranti yolola. Musaike ndalama imeneyi mu bajeti kufikira kampani ya magetsi itasaina.

Nanga chilengedwe chimapinduladi bwanji? Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.7 a mpweya wa carbon dioxide, ndiye basi ya malita 35 imatulutsa makilogalamu 94 pa makilomita 100. Yamagetsi pa mtunda womwewo imakoka mayuniti ngati 130 pa khoma. Magetsiwo akakhala ochokera ku madzi, mphepo kapena dzuwa, mpweya wake ndi wochepa zedi. Akakhala a gasi, ndi makilogalamu 55 kapena 60. Akakhala a malasha okhaokha, pomwe yuniti imodzi imatulutsa pafupifupi kilogalamu yathunthu, basi yamagetsi imatulutsitsa mpweya wochuluka kuposa ya dizilo. Izi sizikondweretsa ena kumva, koma ndi masamu. Chimene sichisintha kulikonse n'chakuti pa geti la sukulu palibe utsi, ndipo magetsi a dziko akamayera chaka ndi chaka basi yomweyo imayera nawo, pamene ya dizilo idzafa ili momwemo.

Phindu limakula kapena kuchepa malinga ndi basi imene yachotsedwa. Ku United States malamulo a utsi anakhwima mu 2007 ndi mu 2010, moti basi yopangidwa zaka zimenezi zisanafike imatulutsa mwaye wochuluka kwambiri kuposa yatsopano. Zakalezo ndi zoyenera kuyamba kuchoka, makamaka pa njira za m'madera oyandikana ndi misewu ikuluikulu ndi mafakitale kumene mpweya ndi woipa kale. Ndipo zichokedi. Basi yakale ikagulitsidwa kwa wina, utsi wake wangosamukira kwa ana ena. N'chifukwa chake malamulo a Environmental Protection Agency pa mabasi akale amafuna umboni wa zithunzi woti injini yabooledwa bowo la mainchesi atatu ndipo chasisi chadulidwa, kuti isadzayendenso.

Gulu loyamba la mabasi likhale laling'ono, lokwanira kuphunzirapo koma losagwetsa sukulu likavuta, ndipo mabasi adizilo angapo atsale ngati odikirira mpaka chaka chitazungulira. M'chaka chimenecho lembani tsiku ndi tsiku, pa basi iliyonse: peresenti ya batire ponyamuka ndi pobwerera, makilomita, kuzizira kwa m'mawa umenewo, dzina la dalaivala, ndiponso ngati tchaja inamaliza ntchito yake usiku. Pamwezi lembani makilowati apamwamba kwambiri amene mita inaonetsa, ndi masiku amene basi inagona ku galaja podikira chipangizo. Oda yachiwiri idikire mpaka miyezi yozizira itadutsa. Manambala a sabata yozizira kwambiri ija ndiwo adzanene kukula kwa batire loti muitanitse, njira zoti muwonjezere, komanso ngati thiransifoma imene munaika ikwanira mabasi ena khumi kapena muyenera kulemberanso kampani ya magetsi lero lomwe.